Mkono wa Kaitano

Tsiku limene Otilia ankakwatiwa, msuweni wake Priska analumbira atadutsitsa chala pakhosi: "Za m'nyumba mwako sizidzatuluka pakamwa panga." Chaka chomwecho anakwera sitima, nakakhalitsa ku Bulawayo.

Atabwerera ku Bangula mu 1989 anapeza mitengo ya bwemba yomwe ankaidziwa itathera pamoto, ndipo pamsika munthu sankagula ngakhale tomato asanaonetse khadi la chipani. Dzuwa lokha ndilo linamusungira ulemu: linkawotcha monga kale.

Poti ankadziwa Chisena ndi Chingerezi, bungwe lina lothandiza ana linamulemba ntchito yoyenda ndi Petro, mlangizi wa zaumoyo. Ankalowa khomo ndi khomo, kuyeza mkono wa mwana ndi tepi ya mitundu. Tepi ikaima pofiira, kusonyeza kuti mwanayo ndi wonyentchera, ankabaya pini yofiira pamapu a ku ofesi, ndipo galimoto la phala ndi mkaka linkatsata mapiniwo.

Dera la kuseri kwa njanji linatuluka lobiriwira lokhalokha. Tcheyamani wa chipani anaomba m'manja. "Mwaona? Kuno njala timangoimva pawailesi."

Petro yekha ndiye sanakhutire, ndipo anati abwerezenso. Pakhonde la Mayi Esinala anampatsira kamnyamata konenepa ngati dzungu. Atangokagwira mkono, Petro anakuwa.

"Mayi Priska, mwana uyu wandilumapo kale!"

"Ana onse amaluma, a Petro."

"Mano awiri omwewa, chala chomwechi. Dzulo anali Loyce, atavala diresi."

"Nkhabe!" anakana m'Chisena Mayi Esinala. "Wanga uyu, ndinabereka ndekha."

Pomwepo belu la njinga linalira. Anali Fernando wogulitsa milamba yowamba. Mwana uja anatambasula manja: "Baba!"

"Kaitano," anatero Fernando osatsika n'komwe, "lero wagwira ganyu nyumba iti?"

Amayi amene anali pampanda anafa nako kuseka. Naye Priska anaseka mpaka misozi, koma mutu wa nkhani anali ataugwira. Kuno mwana akatupa miyendo, tsitsi n'kufiira, anthu sanena za chakudya. Amati ndi tsempho: bambo kapena mayi wayenda njira zachibwenzi. Ndani angatulutse mwana wotere anansi akuonerera? Ndiye Kaitano ankadutsa makomo akuseri, nyumba ndi nyumba, kubwereketsa mkono wake.

"Chabwino," anatero Petro akuuzira chala chake, "ana enieniwo ali kuti? Popanda pini yofiira, Lachisanu galimoto likupita kwa Mlolo."

Amayi aja anayamba kukonza mipango yawo kumutu. Wina anakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto.

Priska analunjika kwa Otilia. Nakonso Kaitano anali atayezedwako. Sanaodire, anakankha nsalu ya kuchipinda. Pamphasa panali kamtsikana, masaya otupa, maso osafuna kanthu.

"Ndiye chitsirizira chako chimenechi?"

"Emelia," anatero Otilia. "Tseka nsaluyo, mwali."

"Akudya chiyani?"

"Phala la mapira. Madzi osefukira aja anatitengera zonse, ndi nyemba zomwe."

"Si tsempho ili, ndi njala. Mkaka sabata zochepa, adzathamangitsana ndi Kaitano."

"Iwe wabwera ndi nzeru za ku Bulawayo, ine ndatsala ndi apongozi. Akamva, chala aloza ine, osati mwana wawo Sebastiano ayi." Otilia anadutsitsa chala pakhosi. "Ukukumbuka?"

"Ndikukumbuka."

M'mawa mwake Priska anapeza Petro ataimirira pamapu, chala chokulunga bandeji, tcheyamani ali pambali pake. Anatola pini yofiira m'kabokosi, naibaya kuseri kwa njanji.

"Nyumba ya a Sebastiano, kuchipinda," anatero. "Dzina lake Emelia. Miyendo yatupa."