Mfuti Yakuda ya Malemu Ambrosio

Madzi a m'ketulo anali akuwirabe pamene Dioscoro anawathira pa mtengo wa mfuti ija, ndipo zimene zinatsikira m'beseni zinali zakuda ngati khofi wogona.

"Waona?" anatero, akuloza ndi chibwano. "Litsiro la kuyambira nkhondo ya Ajapani limenelo."

Tiburcio, mnzake wa ku pulayimale amene tsopano ankanyamula anthu pa njinga yamoto, anali atakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango, akutokosa m'mano.

"Ndiye ku Canada anakuphunzitsa kusambitsa mfuti? Ife tinkati unapita kukalemera, osadziwa unakakhala mzamba wa zitsulo."

"Iwe ungadziwe chiyani? Njinga yako ija unaitsukapo chiigulireni?"

"Ikayera apolisi aziganiza kuti ndili bwino. Koma Manang, mlongo wako wamkulu uja, akudziwa kuti waitsitsa pakhoma?"

"Adzadziwa akadzaiona. Ndi mphatso."

Dioscoro anachoka ku Leyte, chilumba cha kwawo, ali mnyamata wa tsitsi lodzaza mutu, wabwera ali ndi dazi komanso mapiritsi a shuga. Zaka zonsezo anazithera ku Winnipeg, mzinda wa ku Canada, m'fakitale ya mawindo. Kumeneko chisanu chimatsekera munthu m'nyumba theka la chaka, ndipo aliyense amapeza chopusitsira nthawi. Ena amamwa, ena amapemphera. Iye ankagula mfuti zakale zimene magulu a nkhondo anataya, n'kumazikonza m'chipinda cha pansi pa nyumba. Ankazimasula, n'kuzichotsa dzimbiri, n'kupala mtengo mpaka mizere yake ioneke. Sankakonda n'kuombera komwe. Chimene chinkamutonthoza ndi kuona chinthu chotha ntchito chikubwerera ubwino wake m'manja mwake.

Bambo ake, a Ambrosio Lumapas, anamwalira chaka chatha iye ali komweko. Dioscoro anati ndege zinali zodzaza, anati kuntchito anamukaniza. Zonsezo zinali zoona, komabe pamaliro panalibe mwana wamwamuna. Tsopano anabwera kudzakhala nawo pa mwambo wovula zovala zakuda, umene unali Lamlungu likudzalo. Anapeza tauni imene sinamudikire. Nyumba ya kanema ija akugulitsiramo mafoni, gombe limene ankasambako analitchinga ndi mpanda, ndipo ana a anansi ankamupatsa moni wa alendo. Nyumba ya makolo ake, imene anaimangitsa yekha ali kutali, sankadziwa n'komwe kuti siwichi iti imayatsa getsi liti.

Zonsezo akanazipirira. Chimene chinkamudya ndi mayi ake. Nanay Isidra maso awo anali atachita khungu, koma lilime linali lakuthwa ngati kale, ndipo chibwerereni sanamulankhule mwachindunji. Ankadutsira kwa mlongo wake wamkulu, Pelagia, amene anawasamala okalamba awiriwa zaka zonsezi.

"Pelagia, mufunse mlendoyo ngati amadyabe nsomba zouma."

Ankatero iye ali pomwepo, atakhala patebulo limodzi.

Ndiye pamene Pelagia anatenga mayi awo kupita nawo ku mzinda wa Tacloban kukaonetsa maso, n'kunena kuti akagona masiku angapo kwa msuweni wawo, Dioscoro analowa kuchipinda cha mayi ake n'kutsitsa mfuti imene inkapachikidwa pafupi ndi kaguwa ka zithunzi za oyera. Inali karbin, mfuti yaifupi ya Amerika imene bambo ake ankayenda nayo m'mapiri pa nkhondo ija ali kamnyamata. Mpope wake anautseka ndi chitsulo kalekale, moti sikanapha ngakhale nkhuku. Dioscoro ali mwana sanaionepo. Masiku amenewo boma linkalanda mfuti, ndipo bambo ake ankaibisa kudenga osauza ana. Inatsikira pakhoma iye atapita kale.

Mtengo wake unali bii, wonata ukaugwira, wodzaza ndi mabala, ndipo unkanunkha kokonati wovunda. Dioscoro atainunkhiza anapukusa mutu. Mafuta ophikira pa mtengo wabwino chonchi. Anawamvera chisoni bambo ake chifukwa chosadziwa. Apa ndiye panali chinthu chimodzi chimene iye ankachidziwa kuposa wina aliyense m'tauni yonseyo, ndipo anaganiza kuti Lamlungu, alendo atadzaza, adzaiika m'manja mwa mayi ake ili ngati mmene inalili tsiku limene bambo ake anailandira. Pamenepo mwina adzamuitana dzina.

Anagwira ntchito ndi mtima wonse. Zitsulo anazimasula n'kuziyala pa nyuzipepala. Mtengo anautsuka ndi madzi otentha ndi soda, kenako anaukulunga m'nsanza za malaya akale, n'kuuika m'pulasitiki yakuda pamwamba pa malata. Dzuwa la ku Leyte linachita m'maola ochepa zimene ku Winnipeg zinkafuna uvuni. Mtengo unatuluka thukuta la mafuta, iye n'kupukuta, n'kuubwezeranso padzuwa. Mafutawo sankatha. Ankangotuluka ngati mtengowo unali ndi chitsime m'kati.

"Mkuluyo ankaikazinga kapena?" anafunsa Tiburcio tsiku lina, atadutsa kudzapempha madzi akumwa.

"Anthu akale, aise. Chilichonse kokonati. Mutu kokonati, chilonda kokonati, mfuti kokonati."

Mabala aja anawadzutsa ndi kansalu konyowa ndi simbi yotentha, nthunzi n'kumatukumula mtengo mpaka pobooka pafanane ndi ponse. Otsala anawapala ndi sandipepala. Kumanja kwa tako la mfuti kunali kamalo kolowa pang'ono, kosalala, kokwana chikhatho cha munthu. Anakalimbana nako mpaka kanasowa. Pomaliza anapaka mafuta a m'botolo amene anabwera nawo, ndipo mtengo unatuluka wofiirira ngati uchi, mizere yake ikuyenda ngati madzi. Tiburcio yemwe anasiya nthabwala.

"Iyi ndiye ya m'sitolo," anatero.

Loweruka madzulo njinga yamoto inaima pageti. Kuseri kwa nyumba amuna anali atayamba kale kukonza nkhumba ya mawa. Pelagia anawatsitsa mayi awo, n'kuwagwira pachigongono mpaka kuchipinda. Dioscoro anali pakhonde, akumvetsera. Sipanapite nthawi.

"Pelagia. Pakhoma pano palibe kanthu."

Pelagia anatuluka nkhope itasintha, n'kumuitana dzina lake lapaubwana. "Coroy, mfuti ya Tatay ili kuti?"

Anafuna kudikira mawa, koma anaona kuti sizitheka. Anakaitenga kuchipinda kwake itakulungidwa m'thaulo, n'kuivundukula pabalaza, pansi pa getsi. Anaimirira pambali ngati mwana amene wabwera ndi lipoti labwino.

Pelagia anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Wachita chiyani iwe?"

"Ndaitsuka, Manang. Inali ikuola ndi mafuta. Onani mtengowu mmene ulili weniweni."

"Bweretsa kuno," anatero mayi awo ali pakhomo la chipinda, atagwira mphuthu.

Anawakhazika pampando, Dioscoro n'kuwaika mfutiyo pamiyendo. Nanay Isidra anayendetsa zala kuyambira kumpope mpaka kutako. Dzanja lawo lamanja linafika pamalo pamene panali polowa paja, linafufuza, linabwerera, linafufuzanso. Anaiweramira n'kuinunkhiza.

"Iyi ndi ya ndani?"

"Ndi ya Tatay, Nanay. Ndi yomwe ija."

"Pelagia, muuze abweze ya bambo ako. Ngati waigulitsa anene kumene waigulitsa, tikaiombole."

"Sindinaigulitse. Nambala yake ndi yomweyo, Manang angakuwerengereni."

"Ine ndinakwatiwa ndi nambala?"

Kunja nkhumba inalira kamodzi n'kukhala chete. Pelagia anayankhula osakweza mawu, maso ali pamfuti.

"Mafuta amene ukuti ophikirawo, Tatay ankawatenga okha Lachisanu Loyera. Ankakwera okha mumtengo kukathyola kokonati imodzi yoyang'ana kum'mawa, n'kuiphika tambala asanalire, akunena mapemphero awo aja. Ena ankasungira odwala. Otsala ankapaka mfutiyi ndi chikhatho, akutchula mayina a anzawo amene anatsala m'mapiri. Chaka chilichonse, Coroy. Ngakhale nthawi imene inali kudenga, ankakwera ife tili kutchalitchi. Atalephera kukwera mumtengo ndinkawathyolera ndine. Chaka chomaliza dzanja linkanjenjemera, Nanay ndi amene ankaligwira."

"Palibe anandiuza."

"Ukanafunsa ndani? Unalipo?"

"Pafoni mukanatha kunena."

"Pafoni umafunsa za malata ndi za mankhwala. Unafunsapo kuti Tatay amachita chiyani Lachisanu Loyera?"

Dioscoro anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti mafuta a kokonati amafewetsa mtengo, kuti zaka zina zikanadutsa ukanang'ambika. Zinali zoona, ndipo anaziwerenga m'mabuku ambiri. Anaona dzanja la mayi ake likufufuzabe pamalo paja, n'kutseka pakamwa.

"Pamenepa," anatero Pelagia, "ndi pamene amagwira Nanay asanagone. Chichokereni Tatay."

Nanay Isidra anaikankha mfutiyo pang'ono, ndipo Pelagia anaiwakha isanagwe. Kenako mayiwo anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mpweya wa mwana wawo.

"Iwe Dioscoro."

Kanali koyamba. Iye anali ataganizira nthawi zambiri mmene dzinalo lidzamvekere, koma osati chonchi.

"Nanay."

"Zakuda zija wazipititsa kuti?"

"Zina zinapita ndi madzi. Zina zinalowa m'nsanza."

"Nsanzazo zili kuti?"

Dioscoro anathamanga ngati si munthu wa shuga. Kuseri, pafupi ndi nthochi, panali dzenje limene ankatayamo zinyalala, ndipo amuna okonza nkhumba aja anali atatengamo zoyatsira moto. Tiburcio, amene anabwera kudzathandiza kutembenuza nkhumba, anamuona akugwada m'dzenjemo ndi thalauza lake loyera.

"Bwana wa ku Canada, mwataya chiyani? Pasipoti?"

"Nsanza zija. Zamafuta zija."

"Zija ndiye zayaka bwino zedi. Sitinafune n'palafini yemwe." Ataona nkhope ya mnzakeyo anasiya kuseka, n'kulowa nayenso m'dzenjemo.

Anavundula makoko a kokonati, mapepala, matumbo a nsomba. Pansi penipeni anapeza imodzi, mkono wa malaya akale, youma gwa ndi mafuta, yakuda bii. Dioscoro anaikutumula mchenga, osayerekeza kuitsuka.

Atalowa anapeza Pelagia ataiimika mfuti ija pakona, kuseri kwa chitseko. Anagwada pafupi ndi mpando n'kuika kansanzako m'manja mwa mayi ake. Iwo anakafinya, n'kukafikitsa kumphuno, n'kukhala choncho nthawi yaitali, maso ali otseka. Mapewa awo anatsika.

"Yatsala yokhayi?"

"Yokhayi, Nanay. Zina zapsa."

"Malaya a ndani awa?"

"Ndinawapeza m'bokosi la kukhitchini."

"Ndi a Tatay," anatero Pelagia chapansipansi. "Aja ankavala popita kumunda."

Nanay Isidra anakapinda kansanzako bwinobwino pabondo, ngati mpango wa kutchalitchi, n'kukalowetsa m'thumba la diresi lawo lakuda.

"Mfutiyo tenga," anatero. "Waigwirira ntchito, ndi yako. Kuchipinda kwanga isalowe."

"Ndingayese kuidetsanso. Pali mankhwala ake, imatha kuoneka ngati yakale."

"Kuoneka kwa ndani? Ine ndimaona?"

Dioscoro anawerama. Anamva dzanja louma likumugwira pamutu, likuyenda pa dazi lake, likutsikira pamphumi, m'masaya, pachibwano. Linkamufufuza mosafulumira. Chibwerereni anali asanamukhudze.

"Nawenso anakupala kumeneko," anatero mayi ake. "Koma makutuwa ndi a bambo ako. Ndidzutse, ndikagone. Osandikoka ngati thumba, gwira pachigongono."

Anawadzutsa, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono mpaka pakhomo la chipinda. Pelagia anatsala pabalaza akuchotsa nyuzipepala zamafuta patebulo.

M'mawa mwake, atabwera ku Misa ndi kumanda, nyumba inadzaza. Amuna anaipeza mfuti ija kuseri kwa chitseko n'kumapatsirana, akuisisita, akufunsa kuti katswiri wake ndani. Wina anati ali ndi ya agogo ake yakuda kuposa mmene iyi inalili, abwere nayo liti. Dioscoro anati zipangizo zake zatha, ndipo anapita kukawatengera mayi ake mbale ya mpunga.