Nguluwe Yalowa Chipani

Fredson anafika ku Dublin chifukwa cha nguluwe imodzi yokha. Anaijambula m'nyuzipepala kwawo, itavala suti ndi baji ya chipani china champhamvu, ikufukula munda wa mayi wamasiye. Dziko linaseka, chipani sichinaseke, ndipo Fredson analiyatsa liwiro. Pempho lake loti akhale ku Ireland linatsamira pa chithunzi chimenecho basi.

Pempholo linakanidwa koyamba, ndipo tsiku la apilo litayandikira, loya wake Linda anamuitanira ku ofesi ku Blanchardstown, n'kumutembenuzira kompyuta. Panali kanema wa msonkhano wa chipani chija. Amayi anali kuvina, fumbi lili koboo, ndipo pa chitenje chilichonse panali nguluwe yake, ndi khutu lopindika lomwe analilakwitsa yekha. Achipaniwo anangochotsa munda ndi mayi uja, n'kulembapo kuti: Sitibwerera m'mbuyo.

Mtima unamuwawa Fredson. Anthu akuba chimanga, akuba mavoti, lero afika pakuba chipongwe chomwe!

"Ku America zinayendanso choncho," anatero Linda. "Bulu ndi njovu zinatchuka ngati zonyoza m'makatuni a m'nyuzipepala, kenako zipani zinazitola n'kumazinyadira."

Nkhani imeneyo Fredson ankaikonda kale, ankati ndi ulemu kwa ojambula. Tsiku limenelo sanafune n'kuimva komwe.

"Oweruza adzafunsa kuti chipani chingaphe bwanji munthu amene chikuvala chithunzi chake," Linda anapitiriza. "Akhoza kukubwezani, bambo Fredson."

"Ndiye nditani, madamu? Anyamata awo ndi omwe aja. Angosintha malaya."

"Jambulani china, chowawa choti sangachiike pansalu. Tichitulutse pa intaneti apilo isanafike."

Anamukankhira pepala ndi pensulo. Zoti anyamata achipani anamupana zala pachitseko cha galimoto Linda ankazidziwa. Chimene Fredson anali asanauze munthu aliyense, chifukwa cha manyazi, n'choti chichokereni kwawo sanajambulenso ngakhale mzere. Anaigwira pensulo ija mano atalumana. Inakanda pepala ngati nkhuku, kenako inapulumuka n'kugubuduzika pansi pa tebulo.

Palibe amene anawerama kuti aitole.

"Dzanja ili limangogwira mopu ku eyapoti," anatero Fredson. "Muwauze oweruzawo kuti chipani chimandikondadi. Chinatenga chithunzi, n'kuonetsetsa kuti chikhale chomaliza."