Tchaja ya Pamphambano

Dalaivala wa takisi yamagetsi ankapita ndi apongozi ake aakazi kuchipatala cha maso, batire litatsala pang'ono kutheratu. Tchaja yapafupi inali ya kampani ya magetsi, ndipo mwezi wapitawo anaipeza yakufa kawiri konse.

Atafika anapeza mayi wovala ovolosi akutseka kachitseko ka makinawo.

"Ikugwira, achimwene, lumikizani," anatero mayiyo. "Masiku ano ikangodwala imatiuza yokha pafoni, ife n'kuthamangira."

Analumikiza, nyali yobiriwira n'kuyaka. Apongozi anasuzumira pawindo.

"Mwati makinawa amadziitanira okha dokotala? Koma ndiye aposa apongozi anu aamuna, odwala mobisa aja!"

Dalaivala anaseka mpaka misozi. Pasanathe mphindi makumi awiri anali pamsewu, ndipo kuchipatala anafika dzina la apongozi lisanaitanidwe.