Makadi a Hilário

Mayi Serafina sankadziwa kuwerenga, koma ankadziwa kuti pepala limapha. M'chaka cha 1972, m'mudzi wozingidwa ndi waya momwe Apwitikizi anawaunjikamo pafupi ndi Fíngoè, munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha kapepala kopichirira fodya, osabweranso. Ndiye mwana wawo Hilário atafika pamaliro a bambo ake atakumbatira katoni ya mapepala, mtima wa mayiyo unali m'mwamba.

Hilário ankaphunzira ku yunivesite ku Lourenço Marques, komwe ophunzira akuda anali ochita kuwerenga ndi zala. Maliro atatha anatsegula katoni ija. Munali mapepala olembedwa ndi dzanja lake, ndi mulu wa makadi olimba, okhala ndi timabowo tokhatokha.

"Awa ndi malangizo anga kwa komputadoro, amayi, makina owerengera," anatero. "Ndimayamba ndalemba apa, kenako ndimaboola khadi limodzi pa mzere uliwonse. Makinawo samva zolemba, amamva mabowo. Akawameza onsewa, andiuza ngati mlatho ungapirire katundu."

"Ndiye chaka chonsechi iwe umangoboola mapepala ngati chiswe?"

Mnyamatayo anaseka koyamba chiikireni bambo ake. Koma kusekako sikunakhalitse. Anati penapake pali cholakwika chomwe akuchisaka, nthawi yopereka ntchitoyo yayandikira, ndipo makinawo ndi amodzi, wophunzira amadikira masiku kuti apeze mpata. Akakhoza, apitiriza sukulu. Akalephera, lamulo linali losapita m'mbali: a tropa, asilikali a Apwitikizi, amuveka yunifolomu n'kumupatsa mfuti yoti alozetse abale ake omwe.

Tsiku lomwe Hilário anapita ku Fíngoè kukadinditsa chiphaso cha ulendo, mawu anachokera kuchitsime akuti asilikali ayamba kusecha nyumba kumapeto kwa mzere. Mayi Serafina sanataye nthawi. Mapepala olembedwa aja, omwe msilikali akanati ndi uthenga wa omenyera ufulu a kutchire, anawaponya pamoto n'kuvundula phulusa lake. Atagwira makadi anaima kaye. Anali ataona momwe mwana wawo amawanyamulira ngati mazira, ndipo dzanja linakana.

M'mudzimo munali kachitidwe kake. Mchere, mankhwala kapena mabatire opita kwa anyamata a kutchire sizinkagona nyumba imodzi. Ankagawana pang'onopang'ono, kuti msilikali akapeza apeze kochepa kosayenera kufera. Mutu umodzi susenza denga. Mayi Serafina anamasula chingwe, nayamba kutapa makadi ngati akugawa mbewu. Emília, mnansi wawo, anaika ake pakati pa msana ndi khanda. Ena anasomeka m'denga, ena m'dengu la gaga, wina anakalowetsa m'khola la nkhunda.

Asilikali anagubuduza miphika, kubaya mphasa, osapeza kanthu. Kwa Emília kokha khadi limodzi linapulumuka n'kugwa pansi. Anamuwomba mbama mpaka mlomo kung'ambika, iye n'kumangoti anatola kusitolo kuti mwana aziseweretsa. Anamusiya.

Dzuwa litapendeka amayi a m'mudzimo anabweza makadi aja mmodzimmodzi. Mayi Serafina anawapukuta, nawasanja bwinobwino, oyera pamwamba, othimbirira pansi, monga achitira wogulitsa tomato. Kunena zoona ananyadira, ndipo ndani akanawaletsa?

"Ona, mwanangu, palibe lomwe lasowa," anatero Hilário atalowa. "A tropa anabwera, koma tinawagawana."

Hilário anatenga khadi la pamwamba, naliyang'ana powala. Anatenga lachiwiri, kenako lachitatu.

"Amayi, khadi lililonse lili ndi malo ake. Makina amatenga limodzilimodzi, monga ndinawasanjira. Lakutsogolo likapita pakati, zonse zafa." Anabweza makadiwo pamulu. "Koma palibe kanthu, ndiwasanjanso poyang'ana mapepala aja. Ali kuti?"

Mayiyo anangoyang'ana pa mafuwa.

Hilário sanawakalipire, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka kwambiri. Bwenzi atakuwa, iwo akanapeza poyankhira. M'malo mwake anayala mphasa pakhonde, nakhala masiku otsalawo akuwerenga mabowo padzuwa, kupanga timilu, kutipasulanso. Makadi ambiri ankafanana ngati mapasa. A kumsana kwa Emília anali atafufuma ndi mkodzo wa khanda, ena mabowo ake atamatika ndi zitosi. Emília ankadutsa ndi mlomo wake wotupa n'kufunsa mokondwa ngati zikuyenda, Hilário n'kumati, "Zikuyenda, amayi, zikomo."

Usiku woti mawa lake kamiyau, lole ya asilikali yoperekeza anthu ku Tete, inyamuka, Hilário anabweza zonse m'katoni mosasanja.

"Sungakawauze aphunzitsi ako kuti wolakwa ndine?" anafunsa mayi Serafina. "Ndine mbuli, adzamva chisoni."

"Ndikawauze chiyani, amayi? Kuti mudzi wonse umadziwa kubisira a tropa zinthu? Nanga akadzafunsa kuti kubisako munakuphunzira pobisa chiyani?"

Apa mayiyo analira, kulira koposa kwa pamaliro. Anali atapulumutsa mwana m'mawa umodzi n'kumupereka okha m'manja mwa omwe ankawathawawo. Akabwerera kumzinda, adzabwera kuno atavala zobiriwira za a tropa, ndipo tsiku lina adzamulamula kuti aseche nyumba ya Emília.

Kutacha sanamudzutsire kamiyau. Anamuponyera malaya ong'ambika a kumunda ndi khasu.

"Vula nsapatozo," anatero. "Lero ukatithandiza kupalira. Munda wathu uli kumapeto, kuyandikana ndi tchire."

Hilário anawayang'ana, ndipo anamva zomwe ankatanthauza. Anavula nsapato. Pachipata msilikali sanalabadire mnyamata wopanda nsapato pakati pa amayi, poti mwana kuthandiza mayi wamasiye si nkhani. Kumunda analima mzere umodzi pambali pa mayi ake, mosadziwa bwino, manja a sukulu akutuluka matuza. Atafika kumapeto kwa mzere anagoneka khasu pansi, nagwada pang'ono, n'kuwomba m'manja mwaulemu, nalunjika kutchire. Mayi Serafina sanadzutse mutu, poopa kuti akamuyang'ana amuitana.

Madzulo mayiyo analowa pachipata okha, atasenza makasu awiri.