Malita Atatu a Oyilo

A Mabasi anali atalowetsa mutu m'boneti mpaka chipewa chawo chinagwera pa injini. Dzanja lamanja linkapapasa kuseri kwa mapaipi, lamanzere litagwira kansanza kakuda kamene sikankachoka m'thumba mwawo.

"Kodi mwataya chiyani m'menemo?" anafunsa akazi awo, amene ankayanika zovala pachingwe.

"Kachitsulo koyezera oyilo. Galimoto iliyonse ili nako. Umasolola, kupukuta, kubwezera, kusololanso, basi waona pamene oyilo walekeza."

"Nanga si mwana anakuuzani kuti iyi ilibe?"

"Mwana ndi namwino. Iye adziwe za jakisoni, za injini atisiyire eni ake."

Dzina lakuti Mabasi analitenga kuntchito. Anayendetsa mabasi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo panalibe m'mawa umene analiza injini asanayeze oyilo. Atapuma pantchito anakhala pakhonde miyezi isanu ndi itatu, akungoyang'ana magalimoto odutsa ndi kukangana ndi wailesi. Anafota mkuluyo, aliyense ankaona. Ndiye mwana wawo wamkazi, Namwino, atagula galimoto, anawapatsa makiyi kuti azimuperekeza kuchipatala m'mawa, kukamutenga masana, ndi kupita ndi amayi ake kumsika. A Mabasi anatsitsimuka ngati mbewu yolandira mvula. Anayambanso kumeta ndevu tsiku ndi tsiku, nsapato n'kumazipaka polishi.

Panali lamulo limodzi lokha, ndipo analiika ndi mkamwini wawo, kalaliki wa ku ofesi amene ankakhala nawo mpanda umodzi. "Apongozi aziyendetsa, palibe vuto. Koma boneti asatsegule. Magalimoto a masiku ano ndi makompyuta. Tsiku limene adzayambe kugwiragwira m'katimo, makiyi abwerere kuno." A Mabasi anavomera msanga, pakuti munthu wolakalaka chiwongolero amavomera chilichonse.

Lamulolo analisunga miyezi inayi. Koma Lolemba limenelo, atatula Namwino kuchipatala n'kuyamba kubwerera, kagalasi ka pa dashibodi kanalira kuti tii. Panayaka kachithunzi kachikasu konga ketulo, ndi mawu akuti oyilo wachepa, athiremo lita imodzi. Mtima wa dalaivala wakale sukanalola. Atafika kunyumba anaimika galimoto pabwalo, limene linali lotsetsereka kulowera kugeti moti madzi a mvula sankakhalitsapo, n'kutsegula boneti.

Kachitsulo kaja sanakapeze, poti kanalibemo. Chimene anapeza ndi chitsekero cha pothirira oyilo, ndi kapepala komata kolembedwa manambala a oyilo woyenera. Anakopera manambalawo pachikhatho ndi bolopeni, n'kuyenda wapansi mpaka pamalo omwetsera mafuta. Anabwerako atanyamula chigubu cha malita asanu, akuimba likhweru.

Anadula botolo lamadzi pakati kuti likhale chothirira, n'kuthira lita imodzi mosamala, osagwetsa dontho. Analowa m'galimoto, nayatsa kagalasi. Ketulo yachikasu ija inali pomwepo.

"Sinakhute," anatero, n'kuthiranso lita yachiwiri.

Analowanso. Ketulo inali chiyakire.

"Abambo, si inanena kuti imodzi?" anafunsa akazi awo, atasendera pafupi ndi beseni lopanda kanthu m'chiuno.

"Inanena imodzi, koma taonani ikupemphabe. Basi yanga ija inkamwa malita makumi awiri osapumira. Awiri n'chiyani?"

"Komatu iyi si basi."

"Injini ndi injini, mayi. Kodi mwana akamalira mumamufunsa kuti wadya zingati? Mumangomuwonjezera."

"Wanga ndinkayamba ndayang'ana thewera," anatero mayiwo, n'kulowa m'nyumba akuseka.

A Mabasi anathira lita yachitatu. Ketulo sinasunthe. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu ngati munthu amene wagwira wabodza. "Kagalasi aka kafa. Nazo zinthu zamakono zimene amatinyadira nazo." Anatseka boneti, n'kupukuta bwinobwino pamene panali zidindo za zala zawo. Chigubu anachibisa kuseri kwa matumba a simenti. Anasamba m'manja mtima uli mbee, pakuti kwa nthawi yoyamba chipumire pantchito zikhadabo zawo zinali zakuda.

Masana ananyamuka kukatenga Namwino. Galimoto inayenda bwino mpaka kudutsa msika. Itayamba kukwera kachitunda ka pafupi ndi sukulu, a Mabasi anasuzumira pagalasi loonera kumbuyo ndipo anaona utsi wabuluu ukufuka. Munthu wina wapanjinga ankakupiza dzanja kumaso kwake uku akutukwana. Kagalasi kanaliranso, koma ulendo uno mawu anali ena: oyilo wachuluka kwambiri, pitani kugalaja.

A Mabasi sanaganize za injini poyamba, anaganiza za khonde lija ndi wailesi. Anazimitsa galimoto pomwepo pambali pa msewu. Mwamwayi galaja ya Sipanala inali chakumunsi pang'ono, ndipo amuna awiri odutsa anawathandiza kukankha.

Sipanala anaphunzira ntchito kugalaja ya mabasi nthawi imene a Mabasi anali dalaivala wamkulu. Tsopano nayenso anali ndi imvi ndi kamimba. Atawaona akutsika, anavula chipewa.

"Akuluakulu! Mwabwera ndi utsi ngati mukuwotcha zinyalala. Chachitika n'chiyani?"

"Kagalasi kakunama. M'mawa kamati oyilo wachepa, pano kakuti wachuluka. Kasankhe chimodzi."

"Munathiramo?"

"Pang'ono."

"Pang'ono pake bwanji?"

A Mabasi anayang'ana kudenga, kumene kunkalendewera malamba akale a injini. "Atatu."

Sipanala anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako kuseka kunamugonjetsa mpaka anatsamira pa jeke. "Malita atatu! Akuluakulu, galimoto iyi yonse imamwa anayi ndi theka. Mwaidyetsa ngati mlendo wa mwambo wa maliro."

"Nanga n'chifukwa chiyani imapemphabe?"

"Munaiimika pati?"

"Pabwalo panga."

"Bwalo lanu lija limene mpira umagubuduka wokha mpaka kumsewu?"

Anaikankhira galimotoyo padzenje. Sipanala anatsikira pansi ndi beseni, namasula bawuti wa pansi pa injini pang'onopang'ono. Oyilo anatuluka ali ndi thovu. Uku akutchera beseni, mawu ake ankamveka kuchokera m'dzenjemo.

"Kachitsulo kanu kaja kalipo, kungoti anakasandutsa sensa, n'kukamiza m'munsi muno. Ndi kamene kamauza kagalasi. Koma kali ndi makhalidwe ake. Galimoto ikapendekeka, oyilo amathawira mbali imodzi, ndiye kamangokana kuyeza. Injini ikazizira, chimodzimodzi. Ndiponso mukathira, sikasintha mawu nthawi yomweyo. Kamasunga zimene kanaona poyamba mpaka muyendeko pang'ono. Inu mumakambirana ndi uthenga wa m'mawa."

"Ndiye ndaipha?" anafunsa a Mabasi. Mawu awo anali aang'ono, osayenera munthu wa msinkhu wawo.

"Mukanapitiriza ulendo, bwenzi tikukamba zina. Oyilo akachuluka amamenyedwa ndi zitsulo n'kukhala thovu, ndipo thovu silifewetsa kanthu. Koma munazimitsa msanga, ndiponso munagula oyilo woyenera. Pamenepo pokha ndikukuvulirani chipewa kachiwiri."

Anachotsa malita awiri, namanga bawuti. Anazungulira nayo galimoto mpaka kumsika ndi kubwerera kuti itenthe, ndipo utsi unachepa mpaka kutha. Kenako anaiimika pasimenti ya m'galajamo, pamene panali pofanana ngati tebulo. Sipanala anawaonetsa batani la pachiwongolero lofikira pamene palembedwa za oyilo.

"Tsopano dinani apa, ndiye mudikire."

"Ndidikire chiyani?"

"Iyeze. Imatenga mphindi zingapo. Manja m'thumba, akuluakulu."

Mphindi zimenezo zinali zazitali kuposa ulendo uliwonse umene a Mabasi anayendapo. Dzanja lawo linkangopita lokha pa kansanza, n'kubwerera. Potsiriza pakagalasi panaoneka kamzere kobiriwira, kataima pakati penipeni pa zizindikiro ziwiri. A Mabasi anapuma mpweya wautali.

Sipanala anawabwezera makiyi, n'kutsinzina diso limodzi. "Ine sindinakuoneni lero. Galimoto ili bwino, palibe amene adzadziwe. Akamwini anu aja ndimawadziwa."

A Mabasi anathokoza. Njira yonse yopita kuchipatala mawu amenewo ankawakomera m'makutu. Anapeza Namwino atakhala pabenchi ya pageti, atavula nsapato imodzi.

"Bambo, lero wotchi yanu yadwala? Ola lathunthu! Ndimati mwina mwapeza mabasi ena oti muyendetse."

A Mabasi anaseka naye, koma kusekako kunali kouma. Mwanayo anatsamira mpando n'kugona tulo asanafike n'komwe pamsika, monga ankachitira ali wamng'ono pampando wa kutsogolo kwa basi. Ankawakhulupirira mpaka kugona. Zimenezo n'zimene zinawapweteka a Mabasi kuposa utsi uja.

Madzulo, mkamwini atangoweruka n'kukhala pansi kuti amwe tiyi, a Mabasi anatuluka panja. Anabwera atanyamula chigubu chija, chili ndi fumbi la simenti, n'kuchiika patebulo pafupi ndi shuga. Pambali pake anaikapo makiyi.

"Ndinatsegula boneti," anatero.

Anafotokoza zonse, osadumpha lita ngakhale imodzi. Akazi awo ankangoyang'ana m'kapu mwawo. Namwino anagwira pakamwa, osadziwika ngati akudabwa kapena akubisa kuseka. Atamaliza, a Mabasi anakankhira makiyi kwa mkamwini.

"Pangano linali lomveka. Nawa."

Mkamwini sanawatole. Ankangotakasa tiyi amene anali atamutakasa kale.

"Kachithunzi kachikasu konga ketulo?" anafunsa.

"Komweko."

"Aa." Anatakasanso. "Kanayaka dzulo, pamene ndimachokera kwa achimwene."

Namwino anatembenuka pang'onopang'ono. "Ndiye munatani?"

"Ndinadina batani, kanazima. Ndimaganiza kuti ndi zoti tsiku lopita kugalaja layandikira."

"Munadina batani." Namwino anaika kapu pansi. "Ife kuchipatala makina akalira pabedi la wodwala, sitidina batani n'kupita kokagona. Ndiye taonani anthu anga awiri. Wina wodwala akapempha madzi amatseka chitseko, wina amamumwetsa ndowa yonse."

Apa amayi ake analephera kudzigwira. Anaseka mpaka misozi, akumenya tebulo, ndipo mkamwini nayenso anayamba kuseka chamanyazi. A Mabasi okha sanaseke. Maso awo anali pa makiyi.

Namwino anawatola, nawatembenuza m'manja kanthawi. Kenako anatsegula chikhatho cha bambo ake, chimene chinali chidakali ndi manambala a bolopeni, n'kuikamo.

"Mwa awiriwa, ndisankha amene amamva galimoto ikalira. Koma bambo, ikanena imodzi, ndi imodzi."

"Ndi imodzi," anavomera.

"Ndipo chigubu ichi chizikhala kwa amayi."

"Ndichisunga pamodzi ndi mankhwala a makoswe," anatero mayiwo.

Mkamwini anakweza kapu yake pang'ono. "Apongozi, Loweruka mudzandionetse batani limenelo. Lenileni lija, osati langa."

A Mabasi anavomera ndi mutu. Anatuluka kukaona ngati geti latsekedwa, ngakhale anali atalitseka okha.

M'mawa mwake, atabwerako kuchipatala, galimoto sinalowe pabwalo. Akazi awo anasuzumira pageti ndipo anaiona itaima patsogolo pa golosale ya pakona, pamene msewu unali wofanana. Anapita kukaona. A Mabasi anali atakhala tsonga pampando, manja atawapinda pachifuwa, maso pa dashibodi.

"Yafanso?"

"Ayi. Ndikuyeza oyilo."

"Mutakhala pansi chonchi? Boneti ili chitsekere?"

"Khalani chete, mayi, ikuganiza."

Mayiwo anatsamira pazenera, ndipo anadikira onse awiri. Kamzere kobiriwira kanatulukira, kataima pakati. A Mabasi anakayang'ana mokhutira. Kenako anapisa dzanja m'thumba, natulutsa kansanza kaja, anasankha kangodya koyera, n'kupukuta fumbi pakagalasipo.