Chifuwa cha Galimoto ya Bambo

"Yayamba liti kulira chonchi?"

"Titangochoka kumanda."

Makaniko anatulutsa mutu m'dzenje lomwe anali, pansi pa galimoto. "Achimwene, ine ndimakonza zitsulo. Za kumanda zili ndi eni ake."

Mzime sanaseke. Galimotoyo inali ya malemu bambo ake, ndipo chiwaikire m'manda, ikangolizidwa pansi pake pankamveka khotchokhotcho, ngati makhololo pachifuwa cha munthu. Umu ndi momwe bambowo ankapumira m'miyezi yawo yomaliza. Pachitunda inkalefuka, utsi wake n'kumanunkha mazira owola. Dzulo lake inali itazima pakati pa msewu akupita ndi mayi ake kuchipatala, mayiwo atafooka ndi shuga.

Komabe mayi sankafuna kuti aliyense aikhudze. M'mawa uliwonse ankakhala kumpando wakutsogolo, n'kumuuza Mzime kuti ailize. Ankamvetsera atatsinzina, kenaka amvekere, "Wawamva? Lero adzukako bwino."

Choncho iye anawanamiza kuti akungokasinthitsa oilo.

Makaniko anatenga hamala ya labala n'kugogoda chinthu chonenepa ngati botolo pakati pa paipi ya ekizozi. Chinayankha. Khotchokhotcho. Injini inali yozima, koma phokoso linali lomwe lija.

"Wodwala wanu ndi uyu," anatero makaniko. "Katalitiki. Ndiye amasefa utsi. Mkati mwake muli chinthu chonga chisa cha njuchi, koma chouma ngati mbale yadothi. Chaphwanyika, zidutswa zatseka njira. Galimoto ikufuna kupuma, mpweya ulibe potulukira."

Dokotala wa bambo ake nayenso ananenapo mawu ofanana ndi omwewa, kungoti iye anali atavala zoyera.

"Yatsopano ndiye bwanji?"

"Yatsopano mugulitse kaye galimotoyi kuti muigule. Koma ndili ndi ina pano, ndinaichotsa pa galimoto yangozi, ili bwinobwino. Ndidula apa ndi apa, ndiwotcherera. Yakaleyi mundisiyire, basi takwanirana. Ogula zitsulo amailimbirana, mkatimu muli kafumbi kodula kuposa mphete ya ukwati."

Mzime ankakonda mafunso okhala ndi mayankho, ndipo ili linali yankho loyera bwino, lotchipa. Anavomera msanga, mwina msanga kwambiri.

Chodulira chinalira, moto unathetheka. Makaniko atapendeketsa chitsulo chakalecho, panagwa tizidutswa totuwa, topepuka, tina ngati phulusa, tina ngati timafupa. Anagwada n'kutisesa mosamala ndi kabulashi, osasiya ngakhale kamodzi, n'kutithira m'thumba.

"Amakatani nato?" anafunsa Mzime.

"Amakapera."

Mzime anayang'ana kumbali, pakhoma pomwe panali matayala akutha.

Pobwerera galimoto inakwera chitunda chija ngati mwana wothawa sukulu. Panalibe fungo, panalibe phokoso. Iye anatsegula wailesi, n'kuitsekanso. Anapezeka akutchera khutu pansi pa mpando, akudikira.

Anapeza mayi ake ali pakhonde, dzuwa likuwawomba kumaso, atavala kale nsapato.

"Oilo yekha mpaka tsiku lonse? Tsegula ndiwalonjere."

Analowa, nakonza chovala chawo pamaondo monga mwa masiku onse. Mzime anapotokola kiyi. Injini inadzuka mofatsa, myaa, ngati ya eni ake ena.

Mayi anatsinzina. Anadikira.

"Ponda."

Mzime anaponda moto. Galimoto inapuma bwinobwino, mpweya wonse n'kutuluka.

"Pondanso."

Anapondanso. Mayi anawerama movutikira n'kugunditsa chikhatho pansi, pamphasa ya labala, monga ankachitira pachifuwa cha amuna awo. Anakhala choncho nthawi yaitali. Atadzuka sanalire, anangomuyang'ana mwana wawo m'maso.

"Iwe, bambo ako wawasiya kuti?"