Msodzi Amene Kalabu Sinkamudziwa

Tsiku limene a Makisoni anakapempha ngongole ku kalabu ya alimi a mpunga ku Likangala, anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti.

Anapita atavala malaya a kutchalitchi. Ataimirira pakati pa msonkhano anati, "Ine ndikufuna ng'ombe ziwiri ndi pulawo. Mundilembe."

"Ng'ombe ziwiri zokha?" anafunsa a Bizweki, wapampando wa kalabuyo. "Nanga galimoto simukuifuna?"

Nkhani iyi anandiuza eni ake, nthawi ya chipani chimodzi ija, ndili pa maulendo anga a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. A Makisoni anali msodzi. Anakulira m'zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pamadzi. Atakwatira Elenala anadzakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, amene anali ndi munda wa mpunga mu sikimu yothirira. Mundawo ankagaula ndi makasu, ndipo chaka chilichonse ankaoka mpunga anzawo atamaliza kalekale. N'chifukwa chake ankafuna ng'ombe.

"Mukuseka chiyani?" anatero a Makisoni. "Kafunseni pa doko la Kachulu. Palibe munthu amene ndinamudyerapo ndi tambala yomwe."

"Pa Kachulu akukudziwani, koma ife sitikukudziwani," anayankha a Bizweki. "Ndinu mkamwini, ndinunso msodzi. Mawa mukayambana ndi akazi anu mukwera bwato. Tidzakufunani kuti, m'mabango? Lamulo mukulidziwa. Mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse siilandira feteleza chaka chamawa."

A Makisoni anabwerera kunyumba atakwiya. Anavula malaya aja n'kuwaponya pamphasa.

"Amayi a Jafeti, abale anu andichititsa manyazi. Ine ndibwerera kunyanja."

Elenala anangotuluka kukaitana mayi Veronica a nyumba yoyandikana nayo, amene anali msungichuma wa kalabu. Elenala ankawatcha achemwali, ndipo iwo ndi a Makisoni ankaserewulana ngati alamu.

"Alamu, ndamva kuti mwalongeza kale katundu," anatero mayi Veronica akukhala pakhonde. "Tandiuzani kaye. Munthu wachilendo atabwera pa doko n'kunena kuti mubwerekeni bwato lanu, mungamupatse?"

"Ndine wamisala ine? Ayambe wapalasa nafe, tione manja ake."

"Ndiye zomwezo. Kalabu sinaone manja anu. Boma limene limatipatsa ngongoleyi silidziwa nkhope yanu. Limangomva kwa ife kuti uje anatenga, uje anabweza. Inu simunatengepo kanthu, ndiye mbiri yanu palibe. Si yoipa ayi, koma palibe."

"Ndiye kuti kusakongola n'kulakwa?"

"Si kulakwa. Koma amene akufuna chachikulu amayamba ndi chaching'ono. Lowani kalabu, muzibwera kumisonkhano ndi kuntchito yokonza ngalande. Pemphani thumba limodzi la feteleza. Ine ndikuimirani. Mukadzabweza pa tsiku lake, mudzakhala mwabzala dzina."

"Thumba limodzi, munthu wamkulu ngati ine?"

Apa Elenala anaseka. "Bambo a Jafeti, pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngakhale ine munayamba ndi kundipatsa timatemba ta m'mbale."

Pa msonkhano wotsatira mayi Veronica anaimirira n'kunena kuti, "Mlamu wangayu akathawa, mudzandigwire ine." A Bizweki anang'ung'udza, koma anavomera. A Makisoni analandira thumba lawo limodzi, ndipo anauzidwa tsiku lobweza, msika wa mpunga ukadzatsegulidwa.

Chaka chimenecho mpunga wawo wa mtundu wa Faya unachita bwino. Ngala zinalemera mpaka kuwerama. Anamweta, anapuntha, ndipo matumba anadzaza pakona ya nyumba. Anapatula akudya, n'kutsala ogulitsa.

Sabata yomweyo a Makisoni anapita ku Kachulu kukaona anzawo. Anapeza nsomba za makumba zikugwidwa kwambiri, ndipo a Twaibu, wamalonda wa pa dokopo, akugulitsa ukonde wa nayiloni wotsika mtengo. Anabwerako maso akuwala.

"Amayi a Jafeti, tigulitse mpungawu tigule ukonde. Mwezi umodzi wokha ndalama ibwerera kawiri. Kalabu tidzaipatsa yake, ndidzawonjezerapo ndi milamba youma."

"Nanga tsiku lija anatiuza?"

"Ngongole ili ndi tsiku ngati ukwati? Kunyanja timabweza nsomba zikagwidwa. Wina amadikira mpaka madzi atabwerera, ndipo palibe amadandaula."

Sikuti a Makisoni ankafuna kuba. Umo ndi mmene anakulira. Kunyanja munthu sangalonjeze tsiku, chifukwa nsomba sizimva kalendala. Wokhulupirika kumeneko ndi amene sakana ngongole yake, ngakhale achedwe bwanji.

Elenala anakwera pamwamba pa matumba aja n'kukhala, manja atapinda.

"Mukafuna kunyamula, munyamule ndi ine ndemwe. Mukandigulitse kwa a Twaibu."

Phokosolo linafika kwa mayi Veronica, ndipo anabwera atanyamula lichero m'manja.

"Alamu, ndamva zonse, makoma a kuno ndi opyapyala. Ndikudziwa kuti mukanabweza. Koma ngongole ya kalabu si ya kunyanja. Alangizi a zaulimi amabwera tsiku limodzi kudzatenga ndalama za tonse. Yanu ikasowa, amakanena kuti kalabu ya ku Likangala sinamalize. Milamba yanu siingalowe mu ofesi ku Zomba. Chaka chamawa tonse tilima opanda feteleza, ndipo anthu adzaloza nyumba yanga."

"Kuchedwa mwezi umodzi wokha?"

"Amene wabweza mochedwa ndi amene sanabweze, pa tsikulo amaoneka chimodzimodzi. Ndipo a Bizweki ayamba kale kuuza anthu kuti bwato lanu mwalimata phula kuti muthawe. Mukufuna aoneke olosera?"

A Makisoni anayang'ana akazi awo pamwamba pa matumba. Kenako anati, "Tsikani, amayi. Mukuphwanya mpunga wa kalabu."

M'mawa mwake anabwereka njinga. Anaika khadi la chipani m'thumba la malaya kuti asabwezedwe pa chipata cha msika, n'kuyamba kututa matumba. Atagulitsa sanakhotere kwina kulikonse. Anapita molunjika kumene akomiti a kalabu anakhala, tsiku lobweza lisanakwane n'komwe.

"Ndabwera ndi za thumba lija," anatero mokweza, kuti ndi ongodutsa omwe amve. "Ndipo mundipatse risiti."

A Bizweki anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. "Abale inu, msodzi wabweza woyamba! Ife eni mudzi tikadali kupuntha."

"Ndimati ndibweze msanga, bwato lisanandithawitse," anatero a Makisoni, ndipo nthawi iyi anthu anaseka nawo limodzi.

Ukonde uja anaupeza utagulidwa kale. Zinawapweteka, osanama. Kwa masabata angapo ankati akamva fungo la makumba owamba, amangopukusa mutu. Elenala ankawasiya adandaule, kenako n'kuwapatsa khasu.

Chaka chotsatira kalabu inawapatsa matumba awiri ndi mbewu, popanda wowaimira. Anabwezanso nthawi isanakwane. Panabwera chaka china chimene madzi a mu mtsinje wa Likangala anachepa, mpunga n'kupserera. A Makisoni sanadikire kuti tsiku liwapeze. Anapita kukauza akomiti msanga mmene zinthu zinalili, kenako anabwerera kunyanja kukakoka khoka la eni ake ngati waganyu. Akupita, ena ananong'ona kuti mkamwini wapita basi. Anabwerako atada ndi dzuwa, ndalama ya kalabu ili m'manja, tsiku lisanafike.

Ndiye alangizi atadzanena kuti kwabwera ngongole ya ng'ombe ndi pulawo ya alimi ochepa okhulupirika, amene anaimirira woyamba anali a Bizweki omwe aja.

"Lembani a Makisoni," anatero. "Munthu uyu ngakhale atakwera bwato, amabwera."

Ine ndinakumana nawo pa msewu wa ku Kachulu, miyendo itandilemera. Anandikweza pa ngolo yawo. Ngoloyo anagula okha, atamaliza kubweza za ng'ombe. Elenala anakhala pamwamba pa matumba a mpunga, ndipo amuna awo anati pamenepo ndi pamalo pawo kuyambira kale. Ng'ombe yakumanzere inkafuna kupatukira ku msipu, a Makisoni n'kuikalipira: "Ndabweza! Tiye, Ndabweza!"

Ndinafunsa kuti dzina lotere linabwera bwanji, ndipo nkhani yonseyi inayambira pamenepo.

Inu amene simunakongolepo ndipo mukufuna kuti akukhulupirireni, phunziro lake ndi ili. Lowani gulu limene lingaone ntchito zanu. Yambani ndi ngongole yaing'ono imene mungaikwanitse. Bwezani pa tsiku lake, anthu akuona, ndipo sungani risiti. Zikavuta, kaneneni msanga, musabisale. Mbiri yabwino ya ngongole sagula ndipo sapempha. A Makisoni anaiyamba ndi thumba limodzi, ndipo lero ikuwakokera ngolo.